Maliro a Ana a M'botolo

Lolemba m'mawa, ndisanavale n'komwe epuloni yanga, ndinamva kuti ana afa. Onse khumi ndi anayi.

Musathamangire kukagula mabokosi. Ana amenewa si anthu. Ku labotale ya kafukufuku kumene ndatsukako mabotolo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mpaka kupatsidwa dzina loti a Thovu, amaweta maselo a m'matumbo a khoswe. Khoswe mwiniwakeyo anafa kalekale, mwina ine ndisanamere ndevu, koma tizidutswa ta m'kati mwa matumbo ake tikadali moyo. Timaswana m'timabotolo tophwatalala, timamwa madzi a pinki, n'kumagona m'kabati yofunda imene timaitcha thadzi chifukwa imafungatira. Ndi maso okha simungawaone maselowo. Koma aliyense pantchitopo amawatcha ana, ndipo kunena zoona amadya bwino kuposa enafe.

Wowalera ndi mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wanga. Ndine ndinamupezera ntchito yosesa pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anasesa chaka chimodzi, n'kuyamba sukulu ya madzulo, a Pulofesa n'kuona kuti mtsikanayu dzanja lake silinjenjemera. Lero amavala chikhoti choyera, anzake amamutcha NaMakoswe, dzina lake lalowa papepala la kafukufuku, ndipo mwezi wamawa amayenera kukwera ndege kupita kumsonkhano wa anthu ophunzira. Ine amene ndinamubweretsa ndikadali ndi burashi m'manja. Sindikudandaula. Ndikungonena.

Ndinamupeza m'chipinda cha thadzi atakhala pampando wozungulira, mabotolo atawayala patebulo ngati mitembo yodikira abale. Madzi a pinki aja anali atasanduka a pepo, ndipo pansi pake panali kuyandama tinyenyeswa toyera. Miyezi itatu yathunthu anali akuwapatsa anawo pang'onopang'ono poizoni wa chuku cha m'mbewu zowola, kuti aone mmene matumbo amawonongekera. Panatsala masabata awiri kuti ntchito ithe.

Chimene chinawapha ndi chinthu chaching'ono. Botolo la ana salimanga chitsekerero mpaka kumapeto. Polinyamula kuchokera patebulo amalitseka, koma likangolowa m'thadzi amalimasula pang'ono kuti mpweya wa m'menemo uzilowa. Ukapanda kulowa, madzi amasintha, ana amabanika. Ndipo Lolembalo zitsekerero zonse khumi ndi zinayi zinapezeka zili zomanga.

A Pulofesa sanakalipe, ndipo n'chimene chinandiopsa. Bambo ameneyu akamakalipa ndiye kuti pofika masana aiwala. Anaima pakhomo, manja m'thumba, n'kunena motsitsa kuti buku la pageti likusonyeza munthu mmodzi yekha amene analowa Loweruka, kuti kuiwala kumasula ndi vuto la ophunzira a chaka choyamba, ndiponso kuti iwo anayika mutu wawo pachitsa pomukweza munthu wopanda digiri. Kenaka anayang'ana wotchi.

"Pofika fili koloko, ngati palibe chatsopano, kalata yokuchotsani ntchito ikupita ku ofesi ya olemba ntchito."

Atachoka, mlamu wanga anatembenuka. Maso anali ouma.

"Alamu, ndinamasula. Lililonse ndinalimasula, ndipo ndinawerenga kawiri."

Ndinamuuza kuti ngakhale m'busa amaiwala vesi. Ndinatola botolo limodzi kuti ndilitsegule ndikataye madziwo. Linakana. Ndinapukuta manja, ndinalimbanso nalo, linakanabe. Ndinachita kukulunga nsanza kuti litheke, ndipo lachitatu ndinalipeza chitsekerero chitang'aluka chifukwa chopotokola mopyola. Ndinayang'ana timikono ta mlamu wanga, timene kunyumba timalephera kutsegula botolo la uchi.

Munthu woiwala samanga choncho. Amene anamanga izi ankakumbukira bwinobwino.

*

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, choncho ndinayamba ndi munthu amene mimba yake inkamveka kulira pakhonde lonse. Timawatcha a Madigiri. Ali nawo atatu, awiri a kunja, ndipo onse anawakhoma pakhoma kuti ngakhale wosesa aziwapatsa moni. Vuto lawo ndi lakuti ana sawakonda. Botolo lililonse limene agwira, pakatha masiku anayi limamera nkhungu. N'chifukwa chake a Pulofesa anawalanda ntchito ya khosweyo n'kuipereka kwa NaMakoswe, ndi ndege yomwe.

Ndinawapeza m'chipinda chomwera tiyi, akutakasa kapu imene inalibe shuga. Ndinayamba n'kuyamikira tsitsi lawo latsopano, timalukidwe ting'onoting'ono mpaka m'chiuno. Anandidula asanamwe n'komwe. Anati akudziwa chimene ndabwerera, kuti otsuka mabotolo asanduka apolisi, ndipo ndisataye sopo wanga. Tsitsi lomwe ndikuliyamikiralo ndiye mboni yawo. Analowa m'saluni eyiti koloko m'mawa Loweruka, anatuluka dzuwa litapendeka, atsikana atatu akuwakoka mutu, ndipo Lamulungu anagona tsiku lonse ndi mankhwala a mutu. Galimoto yawo, anatero, inali itangotuluka kumene kugalaja Lachisanu, ndipo sinayandikire geti la kuno.

Ndinawafunsa ngati imfayo yawakhudza. Anaseka kukhosi.

"Nsanje ndili nayo, a Thovu, sindibisa. Ndinavutika zaka khumi ndi ziwiri kuti ndidzapitiridwe ndi tsache. Koma ine nditafuna kupha, ndikanangodontheza sipiriti pang'ono m'madzi awo, zitsekerero n'kuzisiya momwe zilili. Bwenzi mpaka chaka chamawa mukufufuza."

Anawonjeza kuti munthu wa labu sangamange choncho ngakhale atafuna, chifukwa magolovesi amaterera. Amene anachita zimenezo anagwira ndi manja osavala, ndiponso manja ozolowera. Kenaka anatsitsa mawu, monga amachitira anthu akafuna kuti aliyense amve. Anati m'malo mozunza anthu osalakwa, ndifunse chifukwa chake a Pulofesa amaimbira mlamu wanga foni Loweruka lililonse, ndi chifukwa chake iye amayankha kuti ana athu ali bwino. Ana athu. Mkazi wa mwini, ndi mwamuna wa mwini.

Ndinawakumbutsa kuti iwonso pa nthawi yawo ankatero. Anati iwo ankanena ndi pakamwa, osati ndi maso.

Ndinatuluka ndili ndi mboni imodzi ya tsitsi ndi mkwiyo pang'ono. Koloko inali itapitirira teni.

*

Mlonda wa pageti timamutcha a Sajeni, ngakhale kuti kunkhondo kumene amakunenako ena amati ankaphika. Amayankha funso lililonse ataima njo, chibwano m'mwamba, ndipo amayankha ndendende chimene wafunsa, osawonjeza ngakhale chilembo.

Ndinawafunsa amene analowa Loweruka. Anatsegula buku n'kuloza ndi chala. Wogwira ntchito mmodzi, wamkazi, kulowa naini koloko, kutuluka leveni koloko, m'manja chikwama chimodzi. Nanga a Pulofesa? Sanaoneke. A Madigiri? Sanaoneke. Lamulungu? Geti lotseka, kiyi m'thumba la Sajeni, Sajeni ali maso. Ndinafunsa ngati panabwera mlendo aliyense, wogulitsa kanthu, wosochera, wofuna chimbudzi.

"Mlendo sanalowe, a Thovu. Ine ndili pano, mlendo amalemba dzina, nambala ya chitupa ndi cholinga cha ulendo."

Ndinawaseka kuti mwina anaphethira. Anati anasiya kuphethira chaka chimene anavala yunifomu.

Ndinabwerera kuchipinda changa chotsukira ndili wolefuka. Kachipinda kameneka kali moyang'anizana ndi chipinda cha thadzi, ndipo chitseko chake chili ndi kagalasi kakang'ono kamene munthu angaonere khonde lonse iye osaoneka. Ndinakhala pandowa yovundikira n'kuyamba kuganiza zoti ndikamuuze chiyani mng'ono wanga madzulo, mkazi wake akabwera ndi kalata. Ndinakhala choncho kwa kanthawi, ndipo china chake chinkandisowetsa mtendere, ngati mmene umamvera ukavala nsapato ya mnzako.

Kunali zii.

Mpopi wa sinki yanga wakhala ukudontha zaka zitatu. Ndalemba makalata anayi ku ofesi yokonza zinthu, ndipo anandiyankha kamodzi, kundithokoza chifukwa cha kalata. Lachisanu ndinausiya ukudontha. Tsopano unali wouma ngati pakhosi pa mlaliki. Ndinaumasula mutu. M'kati munali kamphira katsopano kodulidwa bwino ndi mpeni kuchokera ku chubu cha tayala, ndipo pachitsulo chonyezimiracho panali chidindo cha chala, chakuda ndi girizi. Ndinayang'ana kuseri kwa chitseko kumene ndimapachika kiyi wapadera wa chipinda cha thadzi. Analipo, koma pamsomali wa m'munsi. Ine ndimapachika pa wa m'mwamba.

Munthu anabisala muno Loweruka, akusuzumira pakagalasi. Anadikira nthawi yaitali, ndipo kudonthako kunamusokosa mpaka manja ake anachita zimene anazolowera. Ndikudziwa munthu mmodzi yekha amene sangakhale m'chipinda chimodzi ndi chinthu chokhwepa.

Ndinabwerera pageti. Ndinawauza a Sajeni kuti poyamba ndinafunsa za mlendo, tsopano ndikufunsa za munthu amene si mlendo.

"Wokonza jenereta si mlendo. Salemba m'buku. Kulowa hafu pasiti eyiti, kutuluka hafu pasiti leveni." Anandiyang'ana modabwa. "Ndimayesa mukudziwa. Si mng'ono wanu?"

*

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinayenda ulendo wonse wopita kugalaja ndikutafuna mawu amenewo. Ukamenya, waswa mkhate. Ukasiya, mlamu wako wapita ndi kalata.

Ndinapeza miyendo ya mng'ono wanga itatulukira pansi pa lole. Ndinaiponda pang'ono n'kunena kuti ndabwera kudzathokoza, chifukwa ofesi yokonza zinthu inalephera zaka zitatu koma iye wakonza ulere, pa Loweruka. Sipanala inasiya kulira. Anatuluka chagada, anakhala tsonga, n'kuyamba kupukuta manja ndi nsanza imene inali yakuda kuposa manjawo.

Sanakane. Mng'ono wanga sadziwa kunama, ndine ndinatenga mabodza onse a banja lathu. Anati Lachisanu kunabwera mayi wina wa kuntchito kwathu kudzatenga galimoto yake, wa magalasi, wolankhula ngati akuwerenga nkhani pawailesi. Sindinachite kufunsa dzina, anali a Madigiri. Polandira kiyi anamufunsa mwaulemu, anzake onse a pagalaja akumva, kuti kodi ana a akazi anu ndi a Pulofesa akukula bwanji. Anzakewo anaseka mpaka madzulo. Mmodzi ankamuitana kuti bambo wopeza.

Apa ndiyenera kunena chimene pabanja pathu sitinena. Zaka zisanu ndi zitatu za ukwati, m'nyumba mwawo simunalire mwana. Apita kuzipatala, amwa zowawa ndi zotsekemera, ndipo madokotala sananene kuti vuto lili kwa ndani. Iye amaganiza kuti anthu onse akudziwa kuti lili kwa iye.

Ndiye Loweruka analawirira, n'kukabisala kwanga kuti awagwire. Anadikira maola awiri. A Pulofesa sanabwere. Panalibe mwamuna aliyense, panalibe chilichonse. Ndinamuuza kuti pamenepo munthu wanzeru amapita kwawo akuimba nyimbo, n'kugulira mkazi wake nsalu panjira.

Anati akanatero. Koma chitseko cha chipinda cha thadzi chinali chotsegula pang'ono, ndipo anamumva mkazi wake.

"Amalankhula nawo, achimwene. Amati idyani ana anga, mukule, musandichititse manyazi. Mawu amenewo ine sindinawamvepo m'nyumba mwanga. Kenaka anayankha foni, akuseka, akuti ana athu adya bwana, agona."

Anapotokola nsanza ija.

"Bola ndikanapeza mwamuna. Mwamuna ndikanamumenya."

Mkazi wake atatuluka, iye anatenga kiyi, analowa, anatsegula thadzi. Anati ankangofuna kuwaona anawo. Anapeza timabotolo ta madzi, basi, tolembedwa ndi dzanja la mkazi wake, zilembo zoyamba za dzina lake zili pambali pa za a Pulofesa pabotolo lililonse. Anamanga loyamba. Enawo anati sakukumbuka.

Ndinamufunsa ngati ankadziwa chimene chidzachitike. Anagwedeza mutu kuvomera, osandiyang'ana.

Ndinamuuza za kalata ya fili koloko. Anadzidzimuka zenizeni. Iye ankayesa kuti angoyambiranso, monga mmene umathira mafuta ena injini ikatayitsa. Sankadziwa kuti miyezi itatu siibwerera, ndiponso kuti mlandu ugwera mkazi wake.

Pamenepo ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinamukonzera bodza, labwino ndithu, lokhala ndi miyendo inayi. Anabwera kudzaona jenereta. Anamva thadzi likulira modabwitsa, analowa kuti aone waya. Anapeza zitsekerero zili zokhwepa, ndipo monga makaniko aliyense, anamanga kuti athandize. Umbuli si mlandu. A Pulofesa akalipa, amuletsa kulowa pageti, mkazi wake ntchito ipulumuka, apolisi sabwera, ndipo mkhate sunasweke. Ndinamubwerezetsa katatu m'minibasi mpaka anayamba kulikhulupirira.

Chinthu chimodzi chokha sindinachiwerengere.

*

Tinalowa mu ofesi ya a Pulofesa kutatsala mphindi makumi awiri. Kalata inali kale patebulo, yosayinidwa, envelopu ili pambali. Mlamu wanga anali ataima pafupi ndi zenera, chikhoti choyera atachipinda pamkono ngati munthu amene watsanzika kale. Ataona mwamuna wake mu ovolosi, anayang'ana manja ake, kenaka anayang'ana ine.

Mng'ono wanga analankhula bwino kuposa m'minibasi. Jenereta, waya, zitsekerero zokhwepa, mtima wofuna kuthandiza. Ine ndinathira mchere pang'ono, kuti mwana ameneyu kuyambira ali wamng'ono ankamanga chilichonse, moti amayi athu ankabisa mabotolo a mankhwala kuopa kufa ndi chifuwa botolo lili m'manja. A Pulofesa sanaseke, koma mapewa awo anatsika. Anavula magalasi n'kunena kuti ngati ndi umbuli, ndiye kuti ndi ngozi, ndipo ngozi ali nayo njira yoilembera. Ngati ndi dala, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, chifukwa ntchitoyo si yawo okha. Anatinso chimene chikuwavuta n'chakuti sakudziwanso woti amukhulupirire m'nyumba muno, ndipo sangasunge munthu m'chipinda cha thadzi amene mawu ake sangawadalire.

Kenaka anatembenukira kuzenera.

"Mayi, ndikufunsani kamodzi. Amuna anuwa ankadziwa kuti zitsekerero sitimanga?"

Ndinamuyang'ana mlamu wanga ndi nkhope yonse imene Mulungu anandipatsa. Ndinatsinzinira, ndinakhosomola, ndinakanda khutu. Liwu limodzi lokha, ayi, ndipo tonse tikanapita kwathu. Mng'ono wanga anali atawerama, chipewa akuchifinya pamimba.

Iye anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Sindikudziwa chimene ankafuna kuona. Mwina ankadikira kuti adzutse mutu anene yekha. Sanadzutse.

"Ndinawauza kawiri, bwana. Kachiwiriko ndinachita kuwaonetsa ndi botolo la mafuta ophikira, patebulo la kunyumba kwathu. Anandifunsa kuti akabanika amatenga masiku angati. Ndinasangalala kuti ayamba kufunsa za ntchito yanga."

Mng'ono wanga ananong'ona kuti achimwene, munati zitheka. Ndinafufuza m'mutu mwanga monse, mmene simunasowepo nthabwala ngakhale pamaliro a bambo athu, ndipo ndinapezamo mbee.

A Pulofesa anatenga kalata ija, anaipinda pakati, anaing'amba, n'kuponya m'dengu. Kenaka anakoka foni n'kuuza a Sajeni kuti atseke geti ndipo aitane apolisi. Mng'ono wanga anatchula mkazi wake ndi dzina limene amamutcha kunyumba, limene ine sindingalilembe pano. Iye sanatembenuke. Anatambasula chikhoti choyera chija, analowetsa mkono umodzi, kenaka winawo, ndipo zala zake zinalephera batani loyamba kawiri konse lisanalowe.

"Mawa ndiyambe nthawi yanji, bwana?"

"Seveni koloko," anatero a Pulofesa.